CISONI CA MAI WOFEDWA MWANA WACE

 Nkhani yathu ya lero si yokondweretsa iai, koma ndikupemphani kuti muchere khutu kufikira ithe, pakuti palibe komboni imene nkhani iyi sinalowemo.

Ndiyambe ndi mau a cinenero cathu. Mwana amene makolo ace anamwalira timati mwana wamasiye. Mkazi amene mwamuna wace anamwalira timati mkazi wamasiye, ndipo dzina limeneli amakhala nalo zaka zambiri. Anthu amamdziwa nalo, namkumbuka nalo pogawa nyama kapena polima m'munda. Nanga mai amene mwana wace wamwalira timati ndani? Pa masiku a maliro timati namfedwa. Koma anthu akabalalika, dzina lija nalonso libalalika, ndipo mai uja ayesedwa mkazi wamba monga anzace onse, cinkana mumtima mwace maliro akali kuyamba kumene.

Pali cinanso. Kwathu mkazi akabala, dzina lace la pa utsikana ligona pansi, ndipo anthu ayamba kumuitana ndi dzina la mwana wace woyamba, nati Amace uje; anzathu Abemba ati Bana uje. Tsono mwana uja akafa, anthu acita mantha kuchula dzina lija, poopa kutokosa cironda. Mwakacetecete asintha, nayamba kumuitana ndi dzina la mwana waciwiri. Acita ici ndi mtima wabwino. Koma taganizani: mai ameneyu watayikidwa mwana, ndipo m'mlungu womwewo tamlandanso dzina limene anayankhira zaka makumi awiri.

Pa 25 September 1970, usiku kusanace, pa mgodi wa Mufulira panagwa tsoka loposa matsoka onse amene anaoneka pa migodi ya dziko lino. Inu a ku migodi mudziwa kuti mwala ukaperedwa ndi kucotsedwa mkuwa, matope otsala amatayidwa m'madamu akuru kunja. Limodzi la madamu amenewa linali pamwamba pa malo amene pansi pace panali patakumbidwa kale. Nthaka inayamba kugumukira pansi, kufikira dzenje linabooka kunsi kwa damu, ndipo matope olemera ngati matani 1,000,000 anatsikira m'mgodi, nadzaza njira zimene anthu amapitamo. Amuna 89 a nchito ya usiku anafa, ndipo ena mwa iwo mitembo yao sinaturuke konse.

Ine ndinali ndisanabadwe. Koma pa unyamata wanga, ndikapita kukapuma ku mudzi kwathu kufupi ndi Katete sukulu itatsekedwa, ndinali kuceza ndi agogo ena a nyumba yoyandikana ndi yathu, amene mwana wao woyamba anali mmodzi wa amuna aja. Uthenga utawafika anakwera basi kunka ku Lusaka, nakweranso ina kunka ku migodi, ulendo wao woyamba kuturuka m'dziko la kwao. Anakhala m'nyumba ya mwana wao milungu ingapo, alikudikira mtembo. Potsiriza anabwerera ku mudzi ndi sutikesi, ndipo abale anakumba manda naikamo zobvala. Tsiku lina, tirikutongola cimanga pa khonde, anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, anzanga amalira mwana; ine ndinalira jekete." Ananenanso kuti zaka zambiri pambuyo pace, akamva galimoto yaima ku mseu, miyendo yao inali kuimirira yokha.

Apa tiona cifukwa cace makolo athu anaika mwambo wa kuona nkhope. Mutu umamva uthenga wa imfa tsiku limodzi, koma mtima umacedwa kukhulupirira, ndipo maso ndiwo amauthandiza. Mai amene sanaone mtembo wa mwana wace, kaya mwanayo anatsalira pansi pa mgodi, kaya anamira m'mtsinje, kaya anafera kutali nakaikidwa ndi alendo, ali ndi nchito iwiri: kulira, ndi kudzikakamiza kubvomera cimene sanacione. Wotere tisadabwe naye akacedwa.

Tsono cisoni cimacita ciani m'thupi? Ambiri ayesa kuti ndi nkhani ya misozi yokha. M'caka ca 1942 nyumba yobviniramo inapsa ku Boston, m'dziko la America, ndipo anthu 492 anafa. Dokotala wina wa kumeneko, dzina lace Erich Lindemann, anaceza ndi ofedwa ambiri, ena a iwo abale a anthu opsa aja, ndipo m'caka ca 1944 analemba zimene anapeza. Anati cisoni cimadza ngati mafunde, ndipo funde limodzi likhoza kukhala mphindi 20 kapena ora lathunthu. Likafika, pakhosi pamathina, mpweya umacepa, munthu amangousa moyo, m'mimba mumamveka ngati mulibe kanthu, ndipo mikono ndi miyendo zimalefuka. Anapezanso kuti wofedwa amaona nkhope ya womwalirayo m'maganizo kosaleka, amadziimba mlandu, amapsa mtima msanga ndi anthu amene sanamlakwire, ndipo nchito zimene anazolowera zimamsokonekera: ayamba kusesa, aleka, ateleka mphika, auiwala pa moto.

Ndanena izi cifukwa amai ambiri akaona zotere amaopa kuti mutu wao wayamba kuzungulira. Wina amamva liu la mwana wace liitana panja madzulo. Wina amaona msana wa mnyamata pa msika nauthamangira. Wina amaika mbale ya mwanayo pamodzi ndi za anzace, nazindikira nsima itagawidwa kale. Izi si misala, ndipo si mzukwa. Ndi mtima umene unazolowera kuyang'anira mwana usana ndi usiku, ndipo sunaleke nchito yace.

Colemera koposa zonse ndico kudziimba mlandu. Mai wa mwana wofa ndi malungo ati, Ndikadapita naye msanga ku cipatala. Mai wa mwana wogundidwa ndi galimoto ati, Ndinamtumiranji ku sitolo? Ndipo agogo aja, amene anali kutali kotero, amene sanaonepo mgodi ndi maso ao, naonso anadzipezera mlandu. Ndiwo anagulitsa mbuzi kuti mwana apeze ndalama ya ulendo. Ndiwo anadya ndalama zimene iye anali kutumiza pa kutha kwa mwezi. Bulangeti limene anawagulira analipinda naliika pansi pa katundu, nagona ndi citenje cokha m'mwezi wa June, pakuti anati liri ndi mwazi wa mwana wao. Kuyambira tsiku limene mwana abadwa, nchito ya mai ndiyo kumsunga wamoyo. Tsono mwana akafa, mai ayesa kuti walephera nchito yace, cinkana imfayo inadzera ku njira imene iye sakadatha kuitseka. Ndiganizanso kuti mtima wa munthu ulola kusenza mlandu koposa kubvomera kuti cinthu cacikuru cotere cingagwe popanda wocigwetsa.

Mlandu umenewu ukalema kukhala m'kati, umaturukira kunja kukafuna wina wouterapo. Pamenepo ndipo abale amanyamuka kunka kukaombeza, ndipo ula sulephera kuloza munthu: kawiri kawiri nkhalamba ya m'mudzi, kapena mkazi wa womwalirayo. Ndanena kale kuti ku Mufulira kunafa amuna 89, a mitundu yosiyana ndi midzi yosiyana. Kodi tinene kuti mfiti 89 zinapangana usiku umodzi? Koma pa nthawi ya cisoni munthu sawerenga cotero. Cimene cindimvetsa cisoni ndi ici, kuti akazi awiri amene anakonda munthu mmodzi koposa ena onse, mai wace ndi mkazi wace, ndiwo amene amasanduka adani, nayamba kulimbirana bedi, mapoto ndi makina osokera, pamene akadatha kutonthozana koposa wina aliyense.

Za katunduyo boma linaikapo lamulo m'caka ca 1989. Lamulolo linati munthu akafa wosasiya kalata yogawa cuma cace, pa K100 iriyonse K50 ipite kwa ana, K20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 kwa makolo, ndi K10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Cotero mai wobala sanaiwalike, ndipo palibe cifukwa cakuti abale akokolole m'nyumba m'dzina lace. Koma ine ndaona kuti kawiri kawiri cimene mai afuna si bedi iai. Afuna kanthu kamene kali ndi pfungo la mwana wace. Mpongozi wanzeru akatenga cipewa, kapena malaya, kapena cithunzi, napereka m'manja mwa apongozi ace anthu asanayambe kukamba za cuma, wazima moto waukuru ndi madzi a m'cikho.

Tiyeni tione tsopano za nthawi, pakuti apa ndipo ife a m'tauni tiperewera. Ku mudzi maliro sanali kutha tsiku loika. Akazi anali kugona ndi namfedwa m'nyumba ya siwa, amuna alikuotha moto panja. Adzukulu anali kusenza nchito yonse yolemera. Patapita masiku kunali kumeta. Ndipo patapita miyezi, kawiri kawiri anthu atakolola, anali kufulula mowa wa bona, abale nasonkhananso, nachulanso womwalirayo. Makolo athu sanawerenge mabuku a madokotala, koma anadziwa kuti cisoni cimayenda ulendo wautali, ndipo anaika malo opumirapo m'njira. Koposa izi, ku mudzi mai wofedwa sakhala yekha ngakhale afune. Ku citsime apita ndi anzace, pa mtondo asinja ndi anzace.

M'tauni sitinataye zonse. Cimbuya ciripo, Abemba amaika maliro a Angoni ndi a anthu a kum'mawa, nawapaka ufa, nawaseka pakati pa misozi, ndipo a kum'mawa amabwezera comweco. Amai a mpingo amaimba usiku wonse. Cipepeso cimasonkhedwa. Masiku atatu kapena anai nyumba imadzaza kotero kuti namfedwa asowa popondapo. Koma tsiku lotsatira kuika, hema apasula, mipando abweza ku chalichi, abale akwera basi, bambo abwerera ku nchito pakuti masiku amene anampatsa atha, ana apita ku sukulu, ndipo mai atsala yekha m'nyumba, citseko cotseka, moyang'anana ndi nsapato za mwana wace. Kufikira tsiku lobvundukula ciriza, caka citatha, palibenso wobwera. Tsono masiku oyamba aja mai amakhala ngati wacita dzanzi, sazindikira bwino amene wabwera ndi amene wapita. Dzanzi limatha pa mlungu wacitatu kapena pa mwezi waciwiri, ndipo ululu weni weni umayamba pamene ife tonse tapita.

Cifukwa cace ndinena kwa inu anansi: musathere mphamvu zanu zonse pa masiku atatu. Sunganiko zina za mwezi wa mawa. Ndipo mukapita musafunse kuti, Tikuthandizeni ciani? pakuti iye sadziwa, ndipo adzati palibe. Tengani ndowa mukatunge madzi. Tengani zobvala za ana mukacape. Mumpemphe akuperekezeni ku msika ngakhale mudziwa njira. Mau ena amene timawayesa otonthoza amalasa. Tikati, Musalire, muli nao ena, iye amva ngati tikuti mwana ndi mbuzi ya m'khola, yakuti ikafa imodzi uwerenga zotsala. Tikati kwa mai wacitsikana, Mudzabala wina, tanena zoona kapena, koma iye sakulira mwana wina, akulira yemweyo. Munthu wosowa conena angokhala pansi pa mphasa. Kukhalako ndiko kupepesa.

Ndipatukeko pang'ono ndinene ndi inu azibambo. Ife tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira pa anthu, cotero bambo wofedwa amameza misozi, napita ku nchito, ndipo poweruka amakhotera ku mowa kuti afike kunyumba mkazi atagona. Mkazi poona izi ati, Mnzangayu sizimkhudza. Mwamuna poona mkazi alikulirabe ati, Ndikayamba kukamba ndimuonjezera. Cotero anthu awiri agona pa bedi limodzi, yense alikulira mwana yemweyo, yense ayesa kuti alira yekha. Sikufunika mau ambiri. Kungonena kuti, Lero ku nchito ndinamkumbuka, kukwanira.

Kodi cisoni cingaphe munthu? M'caka ca 2003 madokotala a ku Denmark anafalitsa zimene anapeza atalondola makolo oposa 21,000 amene anafedwa mwana wosafika zaka 18, nawalinganiza ndi makolo amene ana ao anali moyo. Anapeza kuti amai ofedwa anafa ambiri koposa anzao. Pa zaka zitatu zoyamba, imfa za ngozi ndi za kudzipha zinacuruka pakati pao pafupi kanai. Ndipo patapita zaka khumi ndi kupitirira, imfa za matenda nazonso zinacuruka. Kwa atate ciopsezo cinaliponso, makamaka pa zaka zoyamba, koma cosafika pa ca amai. Ici ndi cifukwa cokwanira cakuti tiyang'anire mai wofedwa monga tiyang'anira munthu woturuka m'cipatala.

Amai ambiri amacira popanda mankhwala, ndi cithandizo ca abale ndi anansi cokha. Koma alipo ena amene cisoni cao cimaima pamodzi osasuntha. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linaika cisoni cotere m'buku lace la maina a matenda limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2022: ndico cisoni coopsa cimene capitirira miyezi 6, coposa cimene mwambo wa anthuwo uyembekezera, ndipo cimletsa munthu kusamala moyo wace. Mukaona mai waleka kudya naonda, sagona usiku ndi usiku, sasamba, sasamala ana otsala, wayamba kumwa mowa umene kale sanali kumwa, pitani naye ku kiliniki ya kwanuko. Ndipo akanena kuti afuna kutsata mwana wace, musayese nkhambakamwa, ndipo musadikire miyezi 6. Musamsiye yekha, pitani naye tsiku lomwelo. Ndidziwa kuti dzina la Chainama limaopsa anthu, ndipo ena amabisa wodwala poopa kuti anansi adzati m'banja muja muli wamisala. Koma mwendo ukathyoka sitibisa, ndipo manyazi a masiku ocepa ndi opepuka polinganiza ndi maliro aciwiri.

Nanga kucira kumaoneka bwanji? Ambiri ayesa kuti kucira ndiko kuiwala, ndipo cifukwa ca ici amai ena amakana kucira, poyesa kuti akaseka ampereka mwana wao. Aphunzitsi awiri a ku Holland, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, analongosola m'caka ca 1999 kuti wofedwa amene alikucira bwino amayenda uku ndi uku: nthawi ina alikuyang'ana imfa, alira, akumbuka, nthawi ina alikuyang'ana moyo, aphika, agulitsa, aseka ndi anzace, kenaka abwereranso. Mkazi aliyense amene anasenzapo mtolo wa nkhuni kucokera kuchire adziwa ici. Amene akana kutula m'njira safika, ndipo amene atula osasenzanso naye safika. Cotero mukaona mai wofedwa alikubvina pa ukwati musanong'onezane kuti waiwala msanga. Ndipo mukamuona mawa lace alikulira kuseri kwa nyumba musati, Kodi adzaleka liti? Zonse ziwiri ndi ulendo umodzi. Pa tsiku limene mwanayo anabadwa, pa tsiku limene anafa, pa Krisimasi, kapena pamene anzace a msinkhu wace akwatira, mtolo umalemeranso, ngakhale zitapita zaka zambiri.

Ndibwerere kwa agogo a ku Katete aja. Zaka ngati khumi palibe munthu anachula dzina la mwana wao pamaso pao. Mudzi wonse unali kuwaitana ndi dzina la mwana wao wamkazi. Anali kulima, anali kupita ku chalichi, ndipo anthu anati alimba mtima. Koma iwo anandiuza kuti anali kuyenda ngati cikuni.

Tsiku lina kunafika mwamuna wina pa njinga, wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene anali atapuma nchito ya ku migodi. Iyeyu anakhala m'nyumba imodzi ndi mnyamata uja asanakwatire, ndipo za kusintha kwa dzina sanazidziwe. Anaima m'mphepete mwa bwalo, nabvula cipewa, naodira, nawaitana ndi dzina lakale lija, mokweza, monga anali kulimvera kwa mwini wace. Agogo anali kupeta, licero linagwa. Akazi a pa mtondo anathamanga, nayamba kumkalipira mlendoyo. Koma agogo anati, "Mlekeni. Mpatseni mpando."

Mlendoyo anakhala kufikira dzuwa litapendeka. Sanakambe za matope iai. Anakamba kuti tsiku loyamba kutsikira pansi mnyamatayo anatseka maso ndi kugwira lamba wa mnzace. Kuti nsima yace inali ya mibulu kotero kuti anzace anamletsa kuphika. Kuti ndalama yoyamba imene analandira anazungulira nayo masitolo atatu kufuna bulangeti lokomera amai ace, nabvutitsa anzace onse ndi kufunsa ngati lofiira lingawakondweretse. Agogo analira, naseka, naliranso, ndipo anatuma mwana kukagwira nkhuku. Usiku umenewo anaturutsa bulangeti lija pansi pa katundu. Mawa lace anauza akazi a ku citsime kuti, "Dzina langa mundibwezere."

Mwana wao wamkazi atabala mwana wamwamuna, agogo anapempha kuti amuche dzina la malume ace, ndipo ameneyo ndiye anali kuwatemera nkhuni pa ukalamba wao. Ine ndinawadziwa ndi dzina lakale lija, ndipo sindinadziwe kuti linagonapo pansi kufikira tsiku la cimanga lija. Pamene anamwalira, anyamata amene anatumidwa kukanena maliro m'midzi anachula dzina lomwelo.